Si Chindoko, Si Ufiti

"Mlamu wangayu apite kwawo, Magadalena. Ndanena kawiri, aka n'kachitatu."

A Bonifasio analankhula ataima pabwalo, osafuna ngakhale kuponda pakhonde. Iwo anali mlongo wake wamkulu wa Magadalena, mwini mbumba, komanso tcheyamani wa chipani m'mudzimo. Magadalena anali atakhala pansi akusankha mbatata ya kachewere, yowola uku, yabwino uku.

"Achimwene, tsitsani mawu. Munthu mukumunenayo ali m'nyumbamu, ndipo makutu ake sakudwala."

"Amve kumene! Fungo lafika mpaka kunjira. Azimayi akamapita kuchitsime akulambalala nyumba ino. Ukudziwa zimene anthu akunena? Akuti ndi chindoko chimene anakatola kuboma kuja ankacheka matabwa. Ena akuti ndiwe unam'dyetsa mankhwala kuti asamayang'ane akazi ena, ndiye mankhwalawo amuolera m'mimba."

"Adokotala anati ndi khansa ya chikhodzodzo."

"Khansa! Chizungu chobisira manyazi chimenecho."

Magadalena anaponya mbatata m'dengu nadzuka.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala pamudzi pano. Nyumba yanuyo anakhoma denga ndani? Mayi athu akudwala, anawabereka ndani kukafika kumishoni mvula ili pamutu? Nthawi imeneyo sankanunkha?"

"Imeneyo inali ntchito ya mkamwini. Anaigwira, tinathokoza. Tsopano mphamvu zatha, akadwalire kwa abale ake. Maliro a matenda otere sitikuwafuna pano."

"Simuwafuna inu. Kwa ine ndi amuna anga."

A Bonifasio anavala chipewa chawo nachoka, akupukusa mutu.

M'nyumbamo munali mdima ndi kuzizira kwa mwezi wa Juni. A Anselmo, amuna akewo, anali gone pamphasa, atafunda mabulangete awiri. Kale anali munthu wamtali, wamapewa otambalala, woti akagwira sowo mnzake wa kumunsi ankapempha kupuma. Tsopano anangotsala mafupa. Mkodzo unkatuluka wokha, wofiira, nthawi zina ndi timibulu ta magazi, ndipo ukamatuluka ankaluma nsonga ya bulangete kuti asakuwe.

"Mayi a Monika," anatero motsitsa, "musamakangane ndi alamu chifukwa cha ine."

"Nanga ndikangane nawo chifukwa cha ndani?"

A Anselmo anatembenukira kukhoma. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Monika, anakwatiwa kutali ku Mzimba, ndipo kalata yake inkafika kamodzi pa miyezi itatu. Kuyambira Epulo palibe munthu wa m'mudzimo amene analowa m'nyumbayo kudzazonda. Ngakhale anzake a Magadalena a kumphakati ankangoima kunjira, n'kufunsa ali patali kuti, "Kwadzuka bwanji kumeneko?"

Lachitatu Magadalena anapita kuchipatala cha mishoni kukatenga mapiritsi opha ululu. Pachitseko panali patamatidwa pepala. Iye analekeza sukulu Sitandade 4, choncho analiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Linkanena za mpikisano wothamanga umene udzachitike Loweruka lomaliza la Julaye, chaka chomwecho cha 1986.

A Yeremiya, dokotala wamng'ono amene ankaona a Anselmo, anamupeza akuwerengabe.

"Tikufuna kugula galasi lounikira mkodzo," anafotokoza. "Tikalipeza tidzayendera masukulu ndi midzi, tiyeze anthu, tilembe zimene tapeza, titumize kwa akatswiri ofufuza. Amalonda a kuboma ndi ena akufuna kwabwino alonjeza kuponyapo kangachepe pa mailo iliyonse imene munthu adzathamange. Kodi amuna anu aja anayamba liti kukodza magazi?"

"Amati ali mnyamata, akuweta ng'ombe kumadambo a kumunsi kwa phiri. Akuluakulu anawauza kuti asadandaule, akula, asanduka mwamuna."

"Linali likodzo limenelo, ndipo mankhwala ake alipo. Koma likakhalitsa m'chikhodzodzo zaka zambiri, kwa ena limabala khansa. Anthu sadziwa, mayi. Amabwera kuno zinthu zitafika kale poipa."

Magadalena anayang'ananso pepalalo.

"Akazi akuthamanga nawo?"

"Amayi tawaikira mamailosi atatu, kuzungulira bwalo la mishoni lino."

"Kuzungulira pano? Ndiye adzandiona ndani, masisitere? Nanga wautaliwu?"

"Umenewo ndi wochoka pano kukafika kuboma n'kubwerera. Mamailosi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Ndi wa anyamata a kusekondale ndi apolisi."

"Ndilembeni umenewo."

A Yeremiya anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yake analeka.

"Mayi, mwapitirira zaka makumi anayi."

"Ndimasenza thumba la kachewere kuchoka kwathu mpaka kumsika wa kuboma, n'kubwerako tsiku lomwelo. Tsiku limenelo ndidzakhala wopanda thumba."

"Ndikuuzeni chilungamo. Galasi limeneli silidzachiza amuna anu."

"Ndikudziwa. Munandiuza kale zoti sachira. Lembani."

Kuyambira m'mawa wotsatira, Magadalena ankadzuka kukangoyamba kuyera. Ankawasintha a Anselmo zofunda, kuwamwetsa piritsi, kenako n'kumanga chitenje molimba m'chiuno, kuvala matenesi akale amene Monika anasiya, n'kutuluka. Udzu unkakhala utayera ndi chisanu. Chifunga chinkaphimba phiri la Mphunzi lonse, moti ankangoona mapazi ake ndi kanjira kolowa m'nkhalango ya paini. Masiku oyamba chifuwa chinkatentha ngati wameza khala, ndipo ankaima n'kugwira mtengo, akutsokomola. Sabata yachiwiri anafika pamlatho osaima. Sabata yachinayi anaupitirira.

M'nkhalangomo munalibe womuseka. Munkangomveka mphepo m'mitengo ndi kupuma kwake. Nthawi zina ankazindikira kuti akulira, osadziwa kuti wayamba liti, koma miyendo inkapitabe yokha.

Kumudzi nkhani inali ina. Akamabwerera thukuta lili kamukamu, azibambo opita kudimba ankapatuka n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kuchitsime akafika, macheza ankaduka. Tsiku lina anamva mlamu wake, mkazi wa a Bonifasio, akuuza anzake mosabisa mawu kuti, "Mwamuna akuola m'nyumba, iye akuthamanga m'thengo ngati mtsikana. Akukumana ndi ndani kumeneko?" Magadalena anatunga madzi ake, nasenza yekha. Panalibe womusenzetsa.

Kutatsala masiku anayi, anatenga thumba la ufa loyera, nalichapa, nalitumbula. Anapeza kachitini ka utoto wobiriwira wotsala pamene a Anselmo ankapaka chitseko, nasongola kamtengo. Asanalembe analowa m'nyumba.

"Bambo a Monika, ndikufuna ndilembe za matenda anu pansalu, ndivale kumsana. Anthu onse a mumsewu adzawerenga. Mukakana sindilemba."

A Anselmo anayang'ana kudenga.

"Mulemba kuti chiyani?"

Anawauza mawuwo.

"Dzina langa mulembe lonse," anatero. "Asadzati ndi Anselmo wina."

Analemba zilembo zazikulu zokhotakhota, utoto ukuyenderera m'mphepete:

AMUNA ANGA A ANSELMO KADZUWA AKUDWALA KHANSA YA CHIKHODZODZO. SI CHINDOKO. SI UFITI. MUKAKODZA MAGAZI PITANI KUCHIPATALA.

Nsaluyo ikuuma pachingwe, a Bonifasio anatulukira. Anaiwerenga kawiri, milomo ikugwedera.

"Ukufuna kuyenda ndi mawu awa mpaka kuboma?"

"Kupita ndi kubwera."

"Ukudziwa nyengo tikukhalayi? Munthu akalemba mawu pansalu n'kumayenda nawo mumsewu amafunsidwa kuti wam'tuma ndani. Ndipo woyamba kuitanidwa ndine, tcheyamani wa mudzi uno."

"A mishoni anatenga kale chilolezo. Khadi langa la chipani ndili nalo. Pansalupo palibe dzina la munthu wamkulu aliyense, pali la amuna anga basi."

"Ukutivula pagulu, iwe! Mawu ngati chindoko, mkazi wa pabanja n'kuwabereka kumsana?"

"Mawuwo munayamba kuwatchula ndinu, achimwene, pabwalo pomwe pano. Afika kutchalitchi, afika kuchigayo. Ine ndikungowatsatira kumene anapita."

A Bonifasio anamuyang'ana mlongo wawoyo ngati munthu wachilendo.

"Chabwino," anatero. "Thamanga."

Loweruka lija Magadalena anaphika phala m'mamawa, naliika pafupi ndi mphasa pamodzi ndi chikho cha madzi. A Anselmo anamugwira dzanja nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Musafulumire poyamba," anatero. "Chitunda cha pambuyo pa mlatho chimapha anthu othamangira kutsogola."

"Ndibwera dzuwa lisanapendeke kwenikweni."

"Pitani, mayi a Monika. Pitani bwino."

Pabwalo la mishoni panali anthu ambiri, mbendera, ndi kwaya ya ana asukulu. Pamzere wa mtunda wautali panaima amuna okwana makumi asanu, ovala makabudula. Mkazi anali yekha, chitenje chikufika kumunsi kwa mawondo, thumba la ufa litasokereredwa kumsana kwa bulauzi. Anyamata a kumbuyo kwake anawerenga nayamba kugwirana m'nthiti. Wapolisi wina wachikulire anawayang'ana, iwo nakhala chete.

Wembulo italira onse anaphulika ngati ng'ombe zotuluka m'khola. Pasanathe ola, Magadalena anatsala yekha mumsewu wafumbi. Kutsogolo kunalibe munthu, kumbuyo kunalibe munthu. Ankadutsa minda ya tirigu ndi ya kachewere, midzi imene ankaidziwa ndi ina imene ankangoidutsa. Anthu ankatuluka kudzaona. Odziwa kuwerenga ankawerengera anzawo mokweza. Ena ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Bambo wina pamalo omwera kachasu anakuwa kuti, "Ngati si chindoko, wathawiranji pakhomo?" Iye sanacheuke.

Asanafike n'komwe pamsewu wa tala, anakumana ndi otsogola akubwerera kale. Anamudutsa ngati mphepo.

Kuboma anafika dzuwa litakwera. Anazungulira mgolo umene anauika pafupi ndi msika ngati potembenukira, ndipo mwamuna wa cholembera anachonga dzina lake akuyasamula. Atangotembenuka, mayi wina wovala mpango wophimba kumutu ndi m'khosi anatuluka m'sitolo atanyamula kapu ya tiyi.

"Imwani, amayi. Ndathira shuga wambiri."

Magadalena anamwa ataimirira. Mayiyo anati dzina lake ndi Rehema, mkazi wa mwini sitoloyo. Anayenda naye pambali mpaka kupitirira msika, akuyang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Zimene mwalembazi n'zoona? Bambo a kwathu anayamba kale kukodza magazi, zaka zinayi tsopano. Amabisa, koma wochapa ndine. Ine ndinkangoti anandiyenda njomba. Chaka chatha ndinatsala pang'ono kubwerera kwathu."

"Pitani nawo kumishoni. Mukafunse a Yeremiya. Musadikire mwezi wamawa."

"Akakana?"

"Muwauze kuti mwaona mkazi wa munthu amene anadikira."

Rehema analandira kapu yake, naima pomwepo. Magadalena atacheuka patali anamuona adakali chiimire pakati pa msewu.

Ulendo wobwerera sunali kuthamanga ayi. Matuza anaphulika m'matenesi, ndipo anawavula n'kuwanyamula m'manja. Ankathamanga kuchokera pamtengo uwu kukafika pamtengo uwo, kenako n'kuyenda, kenako n'kuyesanso. Ntchafu zinauma ngati nkhuni. Pachitunda china anagwada, nasanza tiyi uja, nakhala pansi m'fumbi. Kunali zii. Khwangwala mmodzi anatera pamwala namuyang'ana. Anaganiza zoti palibe munthu padziko lonse amene akudziwa pamene iye ali, kupatula mmodzi amene sangathe kudzuka pamphasa. Anagwira udzu, nadzikoka, naimirira.

Pamene ankalowa pabwalo la mishoni, mbendera zinali zitachotsedwa. Kwaya inali itapita, mabenchi atabwezedwa m'tchalitchi. Pansi panangotsala makoko a nzimbe. A Yeremiya okha ndiwo anakhala pamasitepe a chipatala, pepala lili pamwendo. Atamuona anaimirira, navula chipewa.

"Mwamaliza, mayi Kadzuwa. Anyamata khumi ndi awiri alekera panjira. Inu mwamaliza."

"Mwalemba onse makumi awiri ndi asanu ndi limodzi?"

"Onse."

Anafuna kumutsuka mapazi ndi kuwamanga mabandeji, koma iye anangolola pang'ono. "Amuna anga ndawasiya okha kuyambira m'mawa," anatero.

Chimene anayamba kuona pofika pakhomo pake chinali mikwingwirima ya matayala a ngolo pabwalo. Chitseko chinali chotsegula. Mphasa munalibe, mabulangete munalibe. Pansi panali pataziridwa kumene ndi dothi lakuda, lisanaume n'komwe, ndipo pakona panali phulusa la masamba a bulugamu amene anafukiza kuti achotse fungo. Pashelefu panali botolo la mapiritsi, pomwe analisiya.

Anatuluka nalo m'manja. A Bonifasio anali atabwera kale, ataima pamalo awo a masiku onse. Kumbuyo kwawo, m'makonde a nyumba zina, abale anali kusuzumira.

"Ali kuti?"

"Kwawo. Tawaperekeza bwinobwino pangolo, tawayalira udzu. Palibe amene wawakoka."

"Mwadikira kuti ndichoke."

"Ukanalola uli pano? Tachita zimenezi chifukwa cha iwe, mlongo wanga. Taona mmene wathera. Tsopano upume, nyumba tayeretsa, moyo upitirire."

Magadalena anakweza botololo kuti onse a m'makonde alione.

"Munthu amene sangathe ola limodzi popanda awa, mwamukweza pangolo m'mabampu a njira ya kumalire a Mozambiki, mapiritsi n'kuwasiya pashelefu. Dothi lozira nalo simunaiwale. Masamba ofukiza simunaiwale."

Mkazi wa a Bonifasio analowa m'nyumba mwake.

Magadalena anabwerera m'kati, namanga m'chitenje zovala zake ziwiri, sopo, beseni ndi mapiritsi aja. Potuluka sanatseke chitseko.

"Ukupita kuti ndi mapazi amenewo? Kumeneko ndi mamailosi asanu ndi limodzi!"

Iye anangosenza katundu wake.

"Magadalena! Mkazi sasiya mudzi wa mayi ake kukakhala kuchimuna popanda ife kukambirana. Ukachoka lero, munda uja ndi dimba lija usadzazifunsenso."

"Limani, achimwene," anatero osatembenuka.

Anafika dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri a ku Mozambiki. Mudzi wa kwawo kwa a Anselmo unali wa nyumba zowerengeka, ndipo mwa abale awo munatsala mlongo wawo mmodzi yekha, mayi wamasiye wosaona bwino. Mayiyo anamulondolera kukakhitchini ka udzu kuseri kwa nyumba.

"Anangowatsitsa apa n'kutembenuza ngolo," anatero. "Ngakhale madzi sanamwe. Ine ndiwanyamula bwanji ndekha, mlamu?"

A Anselmo anali gone pafupi ndi mafuwa, milomo itauma, mabulangete atanyowa. Magadalena anawadzutsa mutu, nawamwetsa mapiritsi awiri, natenthetsa madzi, nawasambitsa, nawafunditsa chitenje chake chouma. Atatha zonsezi m'pamene anakhala pansi, natambasula miyendo. Mabandeji anali atafiira.

Patapita nthawi ululu unayamba kugonja, ndipo a Anselmo anatsegula maso.

"Munafika nambala chiyani?"

"Yomaliza."

"Koma munafika."

"Ndinafika."

"Anthu anawerenga?"

"Anawerenga. Ambiri anaseka. Mmodzi anafunsa."

A Anselmo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wabwino wa matabwa ake.

"Bambo a Monika, pamene ankakunyamulani simunakuwe? Simunawauze kuti adikire ndibwere?"

"Alamu anabwera Lachinayi, inu muli kunkhalango. Anandiuza kuti ngolo idzafika Loweruka."

Magadalena anawayang'ana.

"Munkadziwa? Phala lija ndikukuikirani m'mawa, munkadziwa?"

"Ndikanakuuzani, mukanathamanga?"

Pamenepo Magadalena analira kulira kumene sanalire chiyambire Epulo, mokweza, osabisa nkhope. A Anselmo anatulutsa dzanja m'chitenje naligoneka pabondo lake mpaka anatonthola.

"Mawa mubwerere," anatero. "Kumeneko ndiye kwanu. Kuli munda wanu, kuli manda a mayi anu. Kuno mudzakhala mlendo."

"Taonani mapaziwa. Ngakhale nditafuna, angandifikitse kuti?"

"Akapola?"

"Akapola tidzakambirana."

Mapaziwo anapola patatha sabata ziwiri, koma nkhaniyo sanaikambenso. A Anselmo anamwalira pakati pa Ogasiti, m'mawa wa mphepo, mutu wawo uli pamwendo pa mkazi wawo. Monika anafika maliro ataikidwa kale. Kuchokera kumudzi kwa Magadalena kunabwera anthu atatu, ndipo anabwerera asanadye.

Galasi lija linafika pamishoni chaka chotsatira. Pasukulu yoyamba imene a Yeremiya anakayeza, imene ili kufupi ndi dambo, anapeza ana ambiri ali ndi likodzo, nawapatsa mankhwala. Magadalena anangomva nkhaniyi kwa anthu odutsa. Iye anatsala kumalire kuja, akulima kamunda ka mlamu wake wosaonayo, awiriwiri.

Kumudzi kwawo mpaka lero amati Magadalena anapenga chaka cha chisanu chija. Iye sanabwerereko kukawatsutsa.